Nsanja Yachitsulo ya Nsomba za Bambo

Dandaulo langa loyamba ndinalipereka Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, chaka chimene tinaika bambo m'manda. Ndinalilemba pamanja, kaboni ali pansi pake, ndipo kope lake ndili nalo mpaka lero m'sutikesi yachitsulo momwe muli makadi anga onse a chipani, mapepala a msonkho ndi makadi a sikelo a ana anga. Dandaulo lina ndinalipereka mvula itayamba. Lotsatira ndinachita kulitayipa, poganiza kuti mwina kalembedwe kanga ndi kamene kankawavuta. Sindinkapempha kukwezedwa pa ntchito kapena nyumba yokulirapo. Ndinkangopempha ofesi yolemba anthu ntchito pa esiteti ya nzimbe pomwe ndinkagwira kuti indiuze kumudzi kwa munthu mmodzi, mmisiri wowotcherera zitsulo, chifukwa bambo anandisiyira uthenga wake ndipo sindinaupereke. Anandiyankha pakamwa kuti fayilo yake ikufunidwa. Kapena ikufunidwabe, pakuti imvi zadzaza mutu wanga koma yankho lolembedwa sindinalione.

Ndifotokoze zimene munthuyo anatichitira, kuti aliyense aone ngati ndikuvutitsa anthu pachabe.

Bambo anali msodzi wa kwa Mbenje, ku Nsanje. Moyo wawo wonse unathera m'bwato, limene iwo ankalitchula m'Chisena kuti mwadiya. Tsiku lina m'mawa akusoka ukonde anagwa pansi, ndipo potsitsimuka dzanja lamanzere ndi mwendo wa mbali yomweyo zinali zitafa. Mayi anali atatisiya kale, alongo anga ali ku mabanja awo kutali. Ndinawatengera ku Chikwawa, ku nyumba ya kampani, kumene ndinali kalaliki wa m'sitolo ya zipangizo. Nyumbayo inali ya simenti, mumzere wa nyumba zofanana ngati mano a chipeso, ndipo kulikonse kumene ungayang'ane unkaona nzimbe zokhazokha. Mtsinje wa Shire sunkaoneka, sunkamveka ngakhale fungo lake.

Bambo anagona pa mkeka, nkhope atalozetsa ku khoma, ndipo anakana kudya. Akazi anga ankawaphikira phala la mapira monga analizolowera kwathu, koma ankangolawa n'kukankha mbale. Mawu awo anali amodzimodzi: "Ndibwezereni kwathu, ndikafere kumene kuli madzi." Kwathuko kunalibe wowasamala. Wachipatala wa pa esiteti anandiitanira panja n'kundiuza mosabisa kuti matendawo sawapha msanga, chimene chiwaphe ndi njala. Nthiti zawo zinali zitayamba kuwerengeka.

M'masiku omwewo injiniya wina wachizungu ankalongedza kubwerera kwawo. Mwa zinthu zimene anagawa, ine anandipatsa bokosi lagalasi, lalitali ngati kutambasula manja, momwe ankasungiramo tinsomba tofiira. Tinsombato anapatsa mnzake. Ndinamupempha injiniyayo alembe kuti bokosilo ndi mphatso, ndipo anasaina, chifukwa alonda a pa geti sankamva nkhani ya pakamwa. Pepala limenelo liliponso. Maganizo anga anali akuti ngati bambo sangapite ku mtsinje, kachidutswa ka mtsinjewo kabwere kwa iwo.

Bokosilo ndinaliika pa tebulo lodyera n'kuyamba kuthiramo madzi. Lisanafike pakati, tebulo linayamba kulira, miyendo yake ikugwedezeka. Ndinali ndisanaganizepo kuti madzi amalemera motero. Akazi anga anathamanga ndi ndowa kudzatunga, akunena kuti, "Katebulo kokhaka mufuna kukaphera nsomba zimene sitinazione n'komwe?" Apa ndinadziwa kuti pafunika choikapo chachitsulo.

Mmisiri uja ankabwera kawirikawiri pa windo la sitolo kudzatenga ndodo zowotcherera. Anali wa kwa Nyachikadza, ku Nsanje komweko, wamfupi, ovolosi yake yobookabooka ndi nthethe za moto, maso ofiira nthawi zonse, ndipo ankaimba nyimbo za kutchalitchi chapansipansi podikira kuti ndimalize kulemba. Nditamufotokozera, anandiyang'ana ngati ndaledzera.

"Nsomba za m'galasi, a kalaliki? Zodya liti?"

"Sizodya, amisiri. Ndi zoyang'ana."

"Ndiye zalakwanji kuti muzitsekere m'ndende?"

Koma nditamuuza za bambo, kuseka kunatha. Anafunsa kwawo, ndipo atamva kuti ndi kwa Mbenje anati, "Ndiye ndi baba anganso amenewo. Pezani zitsulo."

Ndinapita kwa kapitawo wa ku wekishopu, ndipo anandilola kutenga zitsulo zotayidwa: bedi lakale lothyoka ndi zidutswa za ngolo yonyamulira nzimbe. Chilolezo chake chili ndi chidindo. Kenaka ndinakhala pansi ndi rula n'kujambula choikapo changacho, muyeso uliwonse ndikuulemba m'mainchesi. Msinkhu ndinauika wolekeza m'mawondo, kuti bambo ali chigonere pa mkeka azitha kuona nsomba kudzera m'mbali mwa galasi, monga ndinaonera m'nyumba ya mzungu uja. Mmisiri analandira pepalalo ndi manja awiri, analipinda bwinobwino, n'kuliika m'thumba la pachifuwa osaliyang'ana. Ndinaziona zimenezo, ndipo sizinandisangalatse.

Ankagwira ntchito yathuyo pa nthawi ya chakudya chamasana ndi Loweruka akaweruka. Ndinapitako akupanga felemu ya pamwamba, pokhala galasi. Anadula zitsulo za bedi, n'kuzipala m'mapeto kuti zikumane bwino pa ngodya, ndipo ine anandipatsa pulayala kuti ndigwirizire. "Yang'anani kumbuyo, a kalaliki, maso amenewo ndi odyera." Ndinamva kuthetheka, fungo la chitsulo chopsa, kenaka kugogoda kwa kanyundo akuchotsa makoko akuda pamwamba pa chowotchereracho. Pansi pake panatuluka msoko wosalala ngati wosokedwa pa makina. Tinayesa felemuyo ndi chingwe modutsa ngodya ndi ngodya, ndipo mbali zonse zinafanana. Ndinabwerera ku sitolo mtima uli m'malo. Miyendo anaiika ine kulibe, ndili pa ntchito yowerenga katundu.

Choikapocho anabwera nacho Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, atachimangirira pa njinga, ana a mumzere wathu akumutsatira. Atachiimika pakhomo, chinkandifika pachifuwa.

"Amisiri, pepala langa lili kuti?"

Analitulutsa m'thumba, loyera ngati mmene ndinamupatsira. "Ili, ndalisunga bwino. Kungoti miyendo munalakwitsa."

"Ndinalakwitsa? Ndinayeza ndi rula!"

"Rula sadziwa madzi. Kwathu chinthu chamtengo sichikhala pansi. Mapira pa nsanja, mbewu pa nsanja, nkhuku pa nsanja, madzi akafika ngakhale khanda limakwera pa nsanja. Galasi lokongola chonchi mukaliike pansi ngati mbale ya galu? Nanga madzi akabwera?"

"Kuno madzi safika. Tili kumtunda, pa simenti."

"Anakuuzani okha madziwo?"

Sankachita mwano. Munthu wobadwira m'madambo a kwa Nyachikadza, kumene chaka ndi chaka mtsinje umalowa m'nyumba osaodira, akaona muyeso waufupi amaganiza kuti wolembayo dzanja linaterereka, ndipo amakukonzera mwakachetechete kuti usachite manyazi. Komabe ndikufuna zilembedwe kuti muyeso wa pa pepala unali womveka bwino, ndipo mmisiri anayenera kufunsa kaye.

Pofuna kumuonetsa kulakwa kwake, ndinati tichilowetse m'chipinda cha bambo. Tinachiimika ku khoma, n'kukweza galasi lopanda madzi pamwamba. Ndinagona pansi ine mwini, ndi malaya anga a ku tchalitchi, n'kunena kuti, "Bwerani mudzaone zimene munthu wogona akuona: miyendo yachitsulo ndi matako a bokosi." Mmisiri anangondilambalala n'kupita kwa bambo. Ananjuta pafupi ndi mkeka, anaomba m'manja pang'onopang'ono, n'kupereka moni kwa bambo m'Chisena cha kwawo kwenikweni, chija cha m'madambo. Bambo anatembenuka. Chibwerere sanatembenukirepo mlendo aliyense, ngakhale abusa.

Anafunsa kuti phokosoli ndi la chiyani. Tinawafotokozera, aliyense akukokera kwake. Anayang'ana chinsanjacho kuyambira pansi mpaka pamwamba kwa nthawi yaitali, kenaka mbali yamoyo ya pakamwa pawo inayamba kugwedera. Ankaseka.

"Nonse awiri ndinu ana," anatero, mawu akutuluka mokoka. "Iwe ufuna ndione nsomba m'nthiti ngati ndamira. Uyu afuna ndizione kumimba ngati ndine mtembo wa pansi pa mtsinje. Munaona kuti msodzi akuyang'ana nsomba chotero? Nsomba timaionera pamsana."

Anafotokoza, akupumira m'njira, kuti munthu wa m'bwato amayang'ana pansi. Nsomba amaizindikira ndi msana wake, ndi mmene ikutembenukira, ndi kafumbi kamene yavundula m'matope. Ya m'mbali ndi nsomba ya pamsika, yakufa kale. Ine zimenezo ndinazidziwa ndili mwana, ndikuwagwirira nkhafi, koma bokosi lagalasi ndinali nditaliona m'nyumba imodzi yokha, ndipo ndinkaganiza kuti limayang'anidwa mwa njira imodzi. Mmisiri nayenso anakulira m'bwato, koma iye ankaganiza za kusefukira kwa madzi basi.

Tinagwirizana kuti choikapocho chitsike kuposa muyeso wanga womwe, chingokwera pang'ono kuchoka pansi, ndipo pambali pake pakhale mpando woti munthu akakhalapo aziyang'ana m'madzi chowerama. Mmisiri zinamupweteka. Anachitulutsa panja pansi pa mtengo wa nimu, anabwereka sowo yodulira zitsulo kwa mnzake wa mumzere wina, ndipo ankadula akudandaula. "Miyendo yanga yabwinoyi! A kalaliki, lembani m'mapepala mwanumo kuti ine ndinakana." Ndinamuuza kuti ndilemba, ndipo ndi pano ndalemba.

Zidutswa zodulidwazo sanazitaye. Anabwerera nazo ku wekishopu n'kupangira mpando wopapatiza, wa thabwa limodzi ngati pokhalira m'bwato, ndipo ku dzanja lamanja anawotchererako chitsulo chopingasa choti bambo azigwira ndi dzanja lamoyo, monga munthu agwirira mlomo wa bwato. Zimenezi sindinazijambule ine, anaganiza yekha. Pa choikapo chija anawonjezera zogwirira ziwiri, uku ndi uku, kuti madzi akabwera anthu achinyamule. "Mudzandikumbuka," anatero. Zaka zonse zimene ndinakhala m'nyumba imeneyo madzi sanalowemo, ndipo zimenezi nazonso zilembedwe. Zogwirirazo zinkathandiza akazi anga posesa.

Anapaka zonse penti yofiira yoletsa dzimbiri. Pa felemu anayalapo timizere ta chubu chakale cha njinga kuti chitsulo chisalume galasi. Titathira madzi tinaona kuti apendekera mbali imodzi, chifukwa simenti ya m'nyumba za kampani inkatsetserekera ku khomo. Galasi lopendekeka limang'aluka pa ngodya, choncho tinatunganso madzi onse, iye n'kumalowetsa mawashala, timphete tachitsulo, pansi pa miyendo, ine nditagwada ndikuyang'ana mzere wa madzi, mpaka unagona mowongoka.

Madzi a pa mpopi bambo anawakana atangowanunkhiza. Anati akumveka mankhwala, ndipo nsomba si wodwala. Tinakatunga a mu ngalande yothirira nzimbe, amene amachokera mu Shire, pamodzi ndi mchenga wake. Nsomba anabwera nazo mmisiri m'chitini: timakakana tating'ono, nkholokolo, ndi kamlamba kamodzi konenepa bwino. Tinawanyamula bambo awiriwiri n'kuwakhazika pa mpando uja. Anali opepuka moti ndinachita mantha. Dzanja lawo lamanja linafufuza chitsulo chija, linachigwira, ndipo anawerama.

Nsomba zinathamangira m'ngodya, kenaka zinayamba kutuluka imodziimodzi. Bambo ankangoyang'ana, mutu ukutsatira misana ija. Ine ndinaima kumbuyo kwawo nditagwira malaya awo kuti angagwere m'madzi.

"Uyo mutulutseni," anatero mwadzidzidzi, akuloza ndi chibwano.

"Uti, baba?" anafunsa mmisiri.

"Wandevuyo. Mwana wa kwa Nyachikadza sudziwa mlamba? Ndi mfiti ameneyo, pofika mawa akhala atadya anzake onse."

"Ndimati mukhale ndi mfumu m'mudzi mwanumu."

"Mfumu yotani yodya anthu ake?" Ine ndinayang'ana ku windo, pakuti masiku amenewo mawu otere ankatha kumera miyendo, koma bambo ankanena za mlamba basi. Anaitana akazi anga. "Apongozi, muotcheni ameneyu, muwaze mchere. Ndimudye ine asanadye wina."

Akazi anga sanafunse kawiri. Anamuotcha pa makala, anawotchanso mbatata, ndipo bambo anadya ali pa mpando pomwepo, akutola minofu ndi dzanja limodzi, mpaka mutu anaupsipa. Mmisiri anaomba m'manja akuti, "Pyadidi, baba, pyadidi!" kutanthauza kuti zili bwino. Akazi anga anatuluka panja ndi mbale yopanda kanthu, ndipo anakhalitsa kumeneko asanabwerere.

Kuyambira pamenepo bambo anakhala ndi ntchito. M'mawa ankafuna kukwezedwa pa mpando, ndipo anazindikira okha kuti munthu wanjala sakhalitsa tsonga. Phala lija linayamba kutha. Nsomba ankazipatsa madeya ndi chiswe, pang'onopang'ono, ndipo ankakalipira aliyense wofuna kuponyamo zotsala za m'mbale. Kutentha kwa Okutobala kutafika, madzi n'kuyamba kufunda ngati tiyi, anandituma kukathyola masamba a nyika, chomera cha m'madzi chija, ku dambo kuti ayandame pamwamba, nsomba zipeze mthunzi. Madzi tinkasintha pang'ono pang'ono, osati onse nthawi imodzi, ndipo ndikachedwa ankandiuza kuti ndikanakhala nsomba ndikanamvetsa. Odula nzimbe ochokera ku mapiri, amene nsomba ankangoidziwa youma, ankabwera kudzasuzumira ali akuda ndi phulusa la m'munda. Iwo ankagwada n'kuyang'anira m'mbali mwa galasi, bambo n'kumawaseka.

Mmisiri ankabwera Lamulungu lililonse. Ankati wabwera kudzaona ngati dzimbiri layamba, koma chitsulo ankangochigogoda kamodzi, n'kukhala pansi pafupi ndi mpando. Ankakangana m'Chisena za kumene kuli nsomba zazikulu.

"Kwa Nyachikadza mumagwira achule n'kumati ndi nsomba," ankatero bambo.

"Nkhabe, ayi ndithu, baba! Kwathu mlamba umodzi timaunyamula anthu awiri."

"Chifukwa ndinu afupi."

Za kubwerera kwathu sanazitchulenso, kupatula kunena kuti akadzafa tisadzawaike pakati pa nzimbe. Anaona mvula ikubwera ndi kupita kangapo ali pa mpando umenewo, anaona mwana wathu wotsiriza akubadwa, ndipo ndi iwo amene anamupatsa dzina. Ndikamawerenga zabwino zimene ndalandira pa moyo wanga, zaka zimenezo ndimaziika patsogolo, ndipo ndikudziwa amene anandipatsa: munthu amene anataya nthawi yake ya chakudya chamasana kuwotcherera zitsulo zotayidwa chifukwa cha nkhalamba imene anali asanaione.

Matenda atabweranso, bambo anadziwa kuti ulendo wakwana. Anandiitana masana ena n'kundiuza kuti nkhafi yawo, imene inatsala kumudzi pa denga la nyumba, ndikaipereke kwa mmisiri. Inali ya mtengo wolimba, yosalala pogwirira chifukwa cha manja awo. "Upatse mwana wa kwa Nyachikadza uja," anatero. "Iwe ungaipinde n'kuiika m'sutikesi." Mmisiri anali nafe pa tsiku la imfa, ndipo anathandiza kukweza bokosi pa lole, koma kapitawo sanamulole kutiperekeza. Ine sindinamuuze za nkhafi, pofuna kuti ndidzamupatse m'manja monga mwa mwambo, maliro atatha.

Tinawaika kwa Mbenje, pamalo pomwe mtsinje umaoneka. Ndinakhala kumudzi mpaka kumeta, ndipo ndinabwerera ndi nkhafiyo nditaikulunga m'chiguduli. Nditafika ku wekishopu, pa benchi pake panali munthu wina. Ena anati anaitanidwa kwawo, mayi ake akudwala. Ena anati anawolokera ku Mozambiki. Ena anangotsitsa mawu n'kupitiriza ntchito, ndipo m'zaka zimenezo munthu akasowa sunkafunsa kawiri pa gulu. Ine ndinafunsa molemba, chifukwa ndi njira imene ndimaidziwa, ndiponso chifukwa sindinkaona cholakwa pofunsa kumudzi kwa munthu.

Ndinapitako ndekha kwa Nyachikadza pa tchuthi, pa bwato, nkhafi ili pa miyendo. Anthu anandilandira bwino, koma dzina limene tinkamudziwa nalo pa esiteti palibe analizindikira. Ambiri nthawi imeneyo ankalembedwa ntchito ndi pepala la msonkho la mbale wawo, ndipo midzi ya kumeneko imasuntha ndi madzi. Nditati ndi wamfupi, woimba nyimbo, wodziwa kuwotcherera, anandionetsa anthu ena, koma sanali iye. Malo okhawo pomwe panalembedwa mudzi wake ndi dzina la wachibale wake ndi pa fomu imene aliyense wa ife ankadzaza polowa ntchito. Ndikudziwa kuti mafomu amenewo ankasungidwa, pakuti mafayilo osungiramo mafomuwo ankatuluka m'sitolo mwanga, ndipo ndinkasainitsa.

Tsopano ndakalamba, ndipo iyenso ngati ali moyo ndi nkhalamba. Nkhafi ndimaipaka mafuta kuti ingafumbwe. Si yanga, ndipo sindikufuna kuti ana anga adzaigawane ngati katundu wa masiye.

Choncho ine, amene ndinali kalaliki wa m'sitolo ya zipangizo pa esiteti imeneyo, ndikupempha mwaulemu koma motsindika kuti amene akusunga mabuku a antchito a nthawi imeneyo atsegule fayilo ya mmisiri wowotcherera zitsulo wochokera kwa Nyachikadza, ndipo andidziwitse mudzi wake, kapena wa ana ake ngati iye anatisiya. Ngati fayiloyo inatayika, anene kuti inatayika, ndidziwe kolowera kwina. Ndikupempha kuti nkhaniyi iyankhidwe, ndipo iyankhidwe molemba.